Bulugamu wa pa mpanda wa ba Mwanza

Abusa, akulu a mpingo, amayi ndi abambo, moni nonse m'dzina la Ambuye. Ndaima pano kuti ndichitile umboni, ndipo mundipilile, chifukwa nkhani iyi ili ndi manyazi anga mkati.

Ambili mumandidziwa kuti ndine Tembo wa nkhuni. Pamene ndinapuma nchito ya mu ofesi, anzanga anayamba kuweta nkhuku, ine ndinagula sowo ya injini ndi zingwe. Palibe amene anandituma, ndimakonda chabe. Mtengo umene anthu akuuopa, wopendekela pa malata, ndiwo umandikoma. Ndadula ku Kabulonga, ku Woodlands, kuno ku Chelstone osanena. Sindilipilitsa, ndimangotenga nkhuni. Ba Phiri apo akugwedeza mutu, nkhuni za pa malilo a mlamu wao zinachoka kwa ine.

Koma panali mtengo umodzi umene ndinakana kudula. Unali pabwalo panga, bulugamu wamtali pafupi ndi mpanda wa aneba anga, ba Mwanza. Masamba ake anali kutseka ngalande zao, ndipo tsiku lina nthambi inawaboolela lata. Anabwela kudzadandaula ine ndili ndi alendo, nati, “Ba Tembo, ya anthu mumadula, wanu uyu musungila chani?” Alendo anaseka. Basi, ndi mau amenewo chabe. Ine ndinalumbila mumtima kuti mtengo uja udzakhalapo mpaka ine nditafuna. Zaka zisanu ndi ziwili, abale, osapatsana moni. Zaka zisanu ndi ziwili, ine ndikubwela muno kudzaimba nanu.

Chaka chatha mizu inang'amba simenti ya pa khonde langa. Mwaona mtima wa munthu? Lata la mnzanga sindinalimve, koma khonde langa ndinalimva. Manje vuto linali lakuti mtengo wotelo sudulidwa ndi munthu mmodzi. Umafunika chingwe, umafunika anthu okoka, ndipo aneba umawauza kuti atuluke m'nyumba. Ine ndimadziwa zimenezi, ndine amene ndimaphunzitsa ena. Koma kukagogoda kwa ba Mwanza, ayi. Ndiye ndinachita nzelu zanga. Ba Mwanza ndi a Sabata. Ndinati Chiwelu m'mawa adzapita onse ku chalichi, akabwela adzapeza kumwamba kuli mbee, ine osalankhula ndi munthu. Amai a kunyumba anandifunsa kuti, “Atate ake Chisomo, muli mweka?” Ndinati pitani ku maliketi, izi si zanu.

Ndinamva geti yao yatsekeka, galimoto yapita. Ndinaliza sowo. Ndinasema kukamwa kumbali ya bwalo langa, kumene ndinafuna kuti ugwele, ndiye ndinayamba kudula kumbuyo. Unali mwezi wa Ogasiti, mphepo mumaidziwa. Nditatsala pang'ono kutsiliza, mphepo inatembenuka. Mtengo unabwelela m'mbuyo, n'kukhala pa sowo yanga, n'kuiluma. Injini inazima. Ndinakoka, osatuluka. Nditayang'ana kumwamba, mutu wonse wa mtengo unali pamwamba pa malata a ba Mwanza, ndipo chimene chinali kuugwila ndi kachigawo kopyapyala ka thunthu kamene ndinali ndisanadule. Kanali kulila, tswa, tswa.

Pamenepo ndinamva munthu akutsokomola. Mkati, abale. M'chipinda chimene chinali pansi pa mtengo.

Sindikumbuka kuti ndinapemphela mau otani. Ndinangoti Yesu, Yesu, ndikuthamanga. Geti sinali yokhoma, chitseko chimodzimodzi. Ndinalowa m'nyumba imene sindinapondemo zaka zonsezo, ndipo pa bedi panali ba Mwanza. Munthu uja wamkulu thupi anali ataonda, dzanja lamanja lili lende, pakamwa patapotoka. Sitiloko inawagwila miyezi isanu ndi itatu kumbuyo. Mpanda umodzi pakati pathu, ine osadziwa. Ndinali kuona kuti satuluka, koma ndinali kuganiza kuti akundithawa.

Atandiona, nkhope yao inawala. Analankhula movutika, “Ba neba, mwabwela kuzaniona.”

Abale, mau amenewo anandipweteka kuposa kunditukwana. Ndinati, “Ba Mwanza, gwilani khosi langa, tituluke.” Ndinawabeleka kumsana ngati mwana. Ine amene ndimanyamula zipika, munthu uja sindinamumve kulemela, ndipo ndinalila njila yonse mpaka pamsewu. Ndinawakhazika pa mpando pansi pa mthunzi, ndiye ndinawaonetsa chimene ndinachita.

Anayang'ana nthawi yaitali. Ba Mwanza anagwila nchito ya mapolo a malaiti moyo wao wonse, zingwe amazidziwa kuposa ine. Anati, “Osakwela.” Ine ndinali nditagwila kale makwelelo. Anabwelezanso, “Osakwela. Mwala.” Ndinamanga mwala ku kachingwe kakang'ono, ndinaponya, ndinaphonya. Ndinaponyanso, ndinaphonyanso. Kachisanu kanadutsa pa mphanda ya pamwamba, n'kukokela chingwe chachikulu. Azibambo otsuka magalimoto pa kona anabwela, ndi ena odutsa ndi njila, onse pamodzi tinali asanu ndi anayi. Wotilamula anali munthu wa dzanja limodzi ali pa mpando. Akakweza dzanja, timakoka. Akatsitsa, timadikila mphepo idutse. Ine katswili wa Chelstone yonse ndinali kungomvela.

Mtengo unaimilila, unaganiza pang'ono, ndiye unagwela m'bwalo langa. Unaphwanya thanki yanga ya madzi ndi dimba lonse la lepu la amai a kunyumba. Sekani, palibe vuto, naonso anayamba kuseka patapita masiku atatu. Koma pa nyumba ya ba Mwanza sipanagwe ngakhale nthambi imodzi.

Anthu atabalalika ndinagwada pafupi ndi mpando uja. Ndinati, “Ba Mwanza, sindinabwele kudzakuonani. Sindinadziwe n'komwe kuti mukudwala. Ndinasankha lelo kuti ndisaonane nanu.” Ndinafuna kuti akalipe, mwina mtima wanga ukanapepuka. Iwo anandigwila phewa ndi dzanja lija lamoyo, nati, “Nenze kumva sowo kuchoka m'mawa. Nenze kudziwa kwamene mtengo ungagwele. Kuitana sininakwanise. Ninapempha chabe Mulungu kuti akutumeni, ndipo mwabwela.”

Munthu amene ndinamusungila mkwiyo anali gone pansi pa mtengo wanga, akupemphela kuti ine ndibwele. Ndipo Mulungu anamuyankha ndi miyendo yanga yomweyi.

Manje Chiwelu chilichonse m'mawa sowo yanga imapuma. Amai Mwanza anali kupita ku chalichi mtima uli m'mwamba, kusiya amuna ao okha. Tsopano amapita mwamtendele, chifukwa ine ndimakhala nao. Timayeselela kuyenda. Mwezi watha tinali kufika pa chitseko, dzulo tafika pa geti.

Ndikuthokoza Mulungu kuti sanalole kunyada kwanga kuphe munthu. Ndikuthokoza kuti anandibwezela mnzanga akali moyo. Ngati muli ndi aneba amene simulankhula nao, musadikile mphepo, kagogodeni lelo mukatuluka muno. Imililani, abale, mukondwele nane, timuombele Yesu m'manja. Ameni.