Njovu za pa Bulangeti

Pa siteji ya minibasi ku Jumbe, bambo wina ankangoyang'ana mtolo wa mabulangeti umene mayi wina anakhalira.

"Mukukagulitsa, amayi?"

"Ndikukabweza ku Mfuwe. Ndi a mlamu wanga Dolly. Njovu inamugumulira nyumba ikufuna chimanga, n'kumupheranso mwamuna."

"Mayo ine! Ndiye mukubwezeranji?"

"A tchalitchi anagwirizana ndi loji ina ya komweko, yogona alendo odzaona nyama, anamupatsa bedi, makatani, mbale, zonse. Tafunyululani limodzi muone."

"Aa! Chithunzi cha njovu!"

"Pa pilo njovu, pa makatani njovu, ngakhale pa kapu ya tiyi. Alendo a ku loji amazikonda, eti."

"Nanga iyeyo akugona bwanji?"

"Pamphasa, kukhitchini. Akuti, 'Inandiphera amuna anga, ndiye lero ndiifunde?'"