Lenzi Yaitali ya a Simioni

Nazi zilengezo za anthu a kunyanja, monga momwe zakhala zikufikira kuno ku wailesi masabata awiriwa.

A Simioni Mkwanda, aja ankazungulira ndi kamera kuyambira ku Chembe mpaka ku Makanjira, akudziwitsa abwenzi kuti akadali moyo, koma miyendo idakana. Ali kwa mwana wawo Celestina ku Nkhudzi. Akufuna wosinthana naye lenzi, diso lija la kamera. Yawo ndi yaifupi, ya 50, poti kale mbalame ankaiyandikira chokwawa ngati mlenje. Pano akufuna yaitali, ya 400 kapena kuposa, yoti ikoke mlambe wa kugombe ufike pabedi. Mumlambemo nkhwazi ili ndi ana awiri, ndipo Ogasiti asanathe auluka. Akuti, "Ndajambula mbalame za m'midzi ya eni, ya pakhomo pano indilake?" Chilengezochi chachokera kwa eni akewo.

Mayi Celestina Mkwanda akupempha akabaza onse a ku Nkhudzi kuti asanyamule bambo awo, ngakhale awakometsere nkhani bwanji. Lamulungu m'mawa adatulukira pawindo ndi lenzi yaifupi ija, ndipo adapezeka atagwa m'bango, madzi ali m'chiuno, kamera ataikweza m'mwamba. Pawindopo tsopano aikapo zitsulo. Odzacheza abwere, nkhani za alendo amazikonda, koma potuluka atseke chitseko. Watumiza ndi mwana wawoyo.

Che Sulemani Ajibu a ku Makanjira, amene ankayendetsa boti la alendo oona mbalame, akuuza a Simioni kuti lenzi ya 500 ilipo, adawasiyira mlendo. Chavuta ndi mwera, wagwira maboti masiku anayi, ndipo lole yomwe ikanaibweretsa nayo yafera panjira. Akuti, "Akulu, chinthuchi n'cholemera ngati mwana wa mbuzi. Ndi manja anu okalambawo musayese, pezani pochitsamiritsa. Yaifupiyo sungani, ine ndijambula nayo chiyani?" Uthengawu wachokera kwa Che Sulemani, amene nawo akungoyang'ana mafunde.

A Simioni Mkwanda akuthokoza Che Sulemani, lenzi idafika Lachisanu. Aikhazika pamtondo, pamwamba pa pilo. Koma mlambe uli chakumbali, lenzi iyenera kusuzumira kunja, ndipo mutu wake sukulowa pakati pa zitsulo. Zomwe ajambula mpaka lero ndi mpanda wa aneba. Mwana mmodzi wa nkhwazi wauluka dzulo, iwo angomva kulira. Akuti sakupempha kanthu kwa wina aliyense, akungodziwitsa. Chachokera kwa a Simioni, chipinda cha kumapeto.

Chomaliza. Mayi Celestina Mkwanda akuitana a Sameer, owotcherera zitsulo pamsika, kuti afike mawa Lachiwiri isanakwane 7 koloko, ndi chodulira. Adule chitsulo chimodzi chokha. Abwerenso ndi tepi, ayeze bwino: mpata ukhale wolowa lenzi, osati mapewa a bambo. Chilengezochi chachokera kwa Mayi Celestina, ndipo akuti bambo awo akamva asanyade.