Benchi ya Amayi Apakati

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Kwathu ndi ku Ntcheu, koma ndimagulitsa zitenje ndi sopo pamsika wa Lufita, kumpoto kuno. Ndimadwala shuga, ndipo chaka chatha mwendo wanga wamanzere unatsala pang'ono kudulidwa.

Poyamba katumba ankangomangika ndikayenda. Kenako phazi linayamba kuzizira ngakhale dzuwa liswe mtengo, chala chaching'ono n'kuda bii. Adokotala pa boma sanandibisire. Anati ngati magazi sakufika kuphazi, mwendo udulidwa pansi pa bondo, choncho ndipite ku Mzuzu akandipange sikani.

Mawu oti sikani ndi amene anandipsetsa mtima. Ine ndinkadziwa kuti sikani ndi ya amayi oyembekezera basi, osati bambo ngati ine. Anzanga pamsika atamva, anayamba kundifunsa kuti mimba ndi ya miyezi ingati. Ndinakana ulendo n'kukhala pakhomo, chala chikununkha. Ndinkaopa kwambiri, ndipo pemphero langa linangotsala limodzi: Ambuye, mundisiyire mwendowu.

Mayi a kunyumba anachita kundikoka mpaka ku Mzuzu. Pakhomo la sikani, benchi yonse inali amayi apakati okhaokha. Nditatembenuka kuti ndizipita, mayi wina wa ku Wenya anasendera n'kumenya benchi ndi chikhatho.

"Adada, khalani pasi," anatero. "Makinawa saona nthumbo pera. Kasi manyazi mukayendera?"

Ankatanthauza kuti makinawo saona mimba yokha. Ndinakhala pakati pawo.

Mkatimo woyeza anandimanga lamba woyezera kuthamanga kwa magazi pamkono, kenako pakakolo, kuti afananize. Anandipaka mafuta ozizira n'kumayendetsa kachipangizo kuchokera pantchafu kutsika. Makina ankalira kuti shwa, shwa, kutsata magazi mumtsempha. Kumunsi kwa bondo phokosolo linachepa, pamwamba pa phazi kunali zii. Woyezayo anasunthira kuseri kwa kakolo n'kufunafuna nthawi yaitali. Kenako linamveka, chapansipansi.

"Akudutsa," anatero. "Pang'ono, koma akudutsa."

Madokotala anadula chala chokha, n'kundipatsa mankhwala ndi lamulo loti ndiziyenda tsiku lililonse. Ndikuthokoza Mulungu chifukwa cha mayi uja, amene dzina lake sindinalifunse. Inu amene mukuvutika, musasiye kupemphera, ndipo yankho likabwerera pakhomo limene simulifuna, lowani.

Pa Lufita amandifunsabe monga amafunsira mayi wobereka, kuti ndinachira mwana wanji. Ndimangopinda buluku n'kuwaonetsa mwendo.