Mlonda wa Ndemanga

Mayi ameneyu anali wojambula zithunzi ndi penti, wouma mutu wosati masewera, ndipo tsikuli anali atalumbira kuti zojambula wasiya, chifukwa zithunzi zake zonse anaziika pa tsamba lake la pa intaneti koma ndemanga olo imodzi sinaoneke. Mwamuna wake, mlonda wa pageti la fakitale ya sopo, yemwe ankayendetsa tsambalo pa foni yake poti manja a mayi amakhala penti yokhayokha, anamupeza pabalaza akuponya maburashi m'katoni.

"Tikusamuka, mayi?" anafunsa bamboyo, akupachika chipewa cha kuntchito pamsomali.

"Ndasiya! Maburashiwa ndikapereka kusukulu, ana azikaseweretsa. Mawa ndikubwerera kwa achemwali, ndizikaluka anthu tsitsi ngati kale."

"Katoniyo ndi yosungiramo jombo zanga."

"Jombo! Mkazi wanu mtima ukumuwawa, inu mukuganiza za jombo?"

"Ukuwawa mbali iti? Tipite kuchipatala?"

"Bambo a mwana, anthu angoti zii! Ndiike chithunzi, zii. Ndiike china, zii. Galu amene akauwa, mnzake wa kuseri kwa mpanda amamuyankha. Ine wandiyankhapo ndani?"

"Palibe," anavomera bamboyo, nkhope ili mwee. "Olo mmodzi."

"Ndiye mukumwetulira?"

"Nanga si ntchito ikuyenda bwino."

Mayiyo anaima, burashi ili m'malere. "Ntchito yanji?"

"Yofufuta."

"Kufufuta chiyani?"

"Ndemangazo. Ndikangofika pageti m'mawa, ndimafufuta. Nthawi yopuma, ndimafufuta. Zikachuluka ndimamalizira m'basi pobwera kuno."

"Zika... zikachuluka?"

"Eya. Chithunzi chija cha mayi wochapa zovala chinandivutitsa kwabasi. Chala ichi chinachita kutupa."

Mayi anangokhala pa chitini cha penti. Mwayi wake chinali chotseka.

"Anakutumani ndani, bambo inu?"

"Inuyo. Tsiku lija tinkatsegula tsambali. Munaima pomwepa, dzanja pachifuwa, n'kunena kuti, 'Ine sindijambulira kuti anthu azinditama. Ndemanga zawo sindikuzifuna olo pang'ono.'"

"Amenewo ndi mayankhulidwe a anthu aluso! Wojambula aliyense amatero!"

"Ndinakufunsani kuti mukunenetsa? Inu munati, 'Ndanena ndanena.'"

Ananenadi, ndipo ankakumbukira bwinobwino. Koma mayiyu kubweza mawu ndiye ayi, bola kumwa madzi otsukira maburashi.

"Ndipo mpaka pano sindizifuna!" anatero, chibwano m'mwamba. "Ndimangofuna ndizizione."

"Kuziona koma osazifuna?"

"Eya! Ndizizione, n'kumazinyoza ndekha!"

Bamboyo anakanda m'mutu. Kuntchito kwawo lamulo lotero anali asanalimvepo.

Apa mayi anafuna akwiye, koma chimwemwe chinamuposa mphamvu. Chinayambira m'mimba, n'kukwera, n'kudzatulukira m'mphuno ngati likhweru. Anadzuka n'kugwira mwamuna wake pa kolala ya yunifolomu.

"Ndiye kuti anthu amalemba? Za ine? Za ineyo, mkazi wanuyu?"

"Amalemba mosatopa. Anthu alibe zochita."

"Eee! Eee! Amalemba!" Anavina kuzungulira tebulo, chitini cha madzi n'kugwa, iye osasamala. "Tanenani, amati chiyani? Yambani ndi zokoma."

"Sindikudziwa."

"Simukudziwa bwanji?"

"Mlonda satsegula katundu wa eni. Bwana akati galimoto isalowe, sindisuzumira kuti yanyamula chiyani. Ndimangoibweza."

"Olo liwu limodzi, bambo a mwana? Kamodzi kokha diso silinatsetsereke?"

"Zina zinali ndi timitima tofiira."

"Timitima!"

"Ina inali yaitali ngati ulaliki."

"Yaitali bwanji? Tandionetsani."

Bamboyo anatambasula manja. Mayi anakuwa, anaphimba kumaso, kenako anasuzumira pakati pa zala.

"Onjezerani pang'ono."

"Inali yomweyi basi. Ndisakunamizeni."

"Munthu kulemba zonsezo za ine, inu n'kungoti psiti!"

"Inanditengera nthawi yofanana ndi zazifupi zomwe," anamutonthoza bamboyo. "Wondisautsa kwenikweni anali wina wamakani. Ndifufute, walembanso. Ndifufute, walembanso. Ameneyo mzere woyamba ndinauona mwangozi. Akuti ali ndi holo yoonetseramo zithunzi, akufuna akapachike zanuzi."

Mayi anamuyandikira. "Ndiye munatani?"

"Ndinamubuloka. Khoma tili nalo kuno."

"Mayo ine! Mayo ine mayi wanga!"

"Sindinachite mwamwano ayi. Ndinayamba ndamuyankha mwaulemu kuti mwini wake safuna zoyankhulidwa."

"Mwandipha!"

"Musadandaule, yankho langalo ndinalifufutanso. Nalonso ndi ndemanga."

Mayiyo anagwera pampando, akuseka ndi kulira nthawi imodzi, osadziwa choyamba n'chiti. Anapukuta misozi ndi kansalu ka penti, tsaya lonse n'kukhala lobiriwira.

"Alipo wina munamubuloka?"

"Achemwali anu. Ankalemba tsiku ndi tsiku, ena mwa masikuwo kawiri."

"Achemwali! Ine n'kumawayankha mokhadzula pa foni, ndimvekere ndi nsanje basi!"

"Inunso munandivutitsapo kamodzi."

"Ine?"

"Munabwereka foni ya aneba n'kulemba pa chithunzi chanu chomwe. Ndinaona dzina la aneba, koma pa foni yawo panatsala chala cha penti."

Apa mayi anayang'ana kudenga. Tsiku limenelo analembadi kuti wojambula ameneyu ndi katswiri, ndipo ndemangayo itasowa anaganiza kuti intaneti yeniyeniyo ikumuda.

"Zimenezo zisiyeni. Tsegulani geti!"

"Liti?"

"La ndemangalo! Wa holo, achemwali, aliyense alowe!"

"Ndiye kuti mawu anu aja mwabweza?"

"Sindinabweze. Ndangowonjezera."

"Ndiye lamulo ndi liti tsopano? Loyamba kapena lowonjezeralo?"

"Lowonjezeralo, bambo inu! Dinani!"

Bamboyo anatulutsa magalasi m'thumba, anawapukuta, anawavala, n'kuyamba kudina ndi chala chimodzi, pang'onopang'ono, mayi akupondaponda pansi ngati wapanidwa ndi mkodzo.

"Koma mumvetse," anatero mayiyo, akuloza katoni. "Za m'kamwa mwanuzi sindingakhute nazo. Ndikapanda kuona ndemanga ndi maso angawa, maburashi akupita basi. Jambulani chatsopanocho, muike."

Chatsopanocho chinali chotsamira khoma kuseri kwa mpando, chithunzi cha bambo wosoka nsapato atawerama pa ntchito yake. Bamboyo anachijambula, anachiika pa tsamba, n'kukhazika foni pakati pa tebulo. Onse awiri anaiweramira, mitu itagundana.

"Yabwera?"

"Ayi."

"Nanga pano?"

"Mayi, mwangofunsa kumene."

"Mwina mwaiopseza intaneti. Yazolowera kubwezedwa pageti."

Foni inati ngee! Mayi analumpha, bondo n'kumenya tebulo.

"Werengani! Ayi, dikirani! Ndikhale kaye bwino. Werengani!"

"Akuti batire latsala pang'ono."

"Ndani akutero?"

"Foni."

"Muiuze itseke pakamwa!"

Anadikiranso. Chimwemwe chija chinayamba kuzilala, ndipo mantha anamulowa mayi ndithu. Bwanji ngati anthuwo anatopa n'kupita kwa ojambula ena? Anayang'ana katoni ija, osafuna n'komwe kuganiza za tsitsi la eni.

Foni inatinso ngee!

Bamboyo anaimirira njoo ngati pa perete, anakonza kukhosi, n'kuwerenga liwu ndi liwu.

"'Mitundu mwasakaniza bwino. Koma dzanja lamanzere la wosoka nsapatoyo lili ndi zala zisanu ndi chimodzi. Kawerengeni.'"

"Bodza!"

Mayi anathamangira kuchithunzi, anagwada, n'kuyamba kuwerenga ndi nsonga ya chala. Anafika pa chachisanu, patsogolo pali china. Anayambiranso kuchokera mbali inayo. Zinali zomwezo, chowonjezeracho chili tasa pakati pa zinzake, chopentedwa bwino ndi chikhadabo chomwe.

"Wachipongwe ameneyu," anatero bamboyo, ndevu zikunjenjemera. "Munthu kungomutsegulira geti, iye n'kuyamba kutukwana eni nyumba! Ndinadziwa ine." Anakweza chala chake chotupa chija pamwamba pa foni. "Ndifufute?"

Mayi anauluka kuchokera pomwe anagwada, anatsomphola foniyo n'kuipanira pachifuwa. Anakankha katoni ndi phazi, maburashi n'kumwazika pabalaza ponse, iye akuseka misozi ili chuchuchu, dzanja linalo likufufuza kale kaburashi kakang'ono pansi.

"Musayerekeze, bambo a mwana! Ine mwini wake zalazi sindinaziwerengepo, koma uyu wachita kukhala pansi n'kuziwerenga!"