Mbali Yonyezimira Iyang'ane Kunja

Poimika magalimoto pachipatala, dzuwa likuswa mtengo, mayi wachikulire anaima pomwe bambo wachinyamata ankalimbana ndi chotchingira dzuwa pagalasi lakutsogolo.

"Achimwene, mwachiika motembenuza. Mbali yonyezimirayo iyang'ane kunja."

"Eti? N'chifukwa chake chiwongolero chikuwotchabe ngati simbi!"

"Chimathandiza ndithu, koma galimoto sisanduka firiji ayi. Musanakwere, muzitsegula kaye zitseko, kutentha kutuluke."

"Ndachigula lero lomwe, amayi. Akazi anga akutuluka ndi mwana. Anabadwa masiku asanakwane, koma adokotala akuti walimba tsopano, azipita kwawo."

"Woyamba?"

"Woyamba. Ndikufuna apeze pampando pali pozizira."

"Apeza pozizira, bambo ake a mwana. Bweretsani kuno chotchingiracho, ndikugwirireni mbali iyi."