Mabokosi Awiri, Nkhata Imodzi

Malemu achimwene anga, amene ambirinu mumawadziwa ndi dzina loti a Malilime, anabadwa pa 9 Epulo, 1951. Anali achiwiri m'banja la ana asanu ndi mmodzi, ine ndaima panone ndine wotsiriza. Ndisanapite patali, ndikudziwa kuti mwambo uno umayenera kuchitika dzulo, ndiponso kuti enanu mwaona mabokosi awiri opanda kanthu atatsamira khoma kuseri kwa nyumbayi. Musavutike ndi kunong'onezana, ndifikapo. Manyazi ake ndi athu, ndipo ndi bwino muwamve kwa ife eni ake.

Sukulu anayamba mu 1958 ndipo analekezera ku pulayimale. Mutu unalipo, koma bambo athu atamwalira mu 1966 panalibe wina woti n'kutigwira dzanja ife ang'onoang'ono.

Mu 1968 analembedwa ntchito pa bekale ya mkulu wina wa Chigiriki. Anayamba ndi kupala mathireyi, kenaka kukanda, mapeto ake anawapatsa uvuni. M'chipinda cha uvunicho munkatentha moti malaya ankachita kuwafinya, ndipo abwanawo ndi akazi awo ankakhalira kukuwizana tsiku lonse. Poyamba malemu ankayesa ndewu. Anadzazindikira mochedwa kuti anthuwo akungofunsana ngati buledi wapsa. Chigiriki anachitola momwemo, ndi makutu, zilembo zake n'kuphunzirira pa kalendala ya abwana imene inkapachikidwa kuseri kwa chitseko.

Mu 1974 anamanga banja ndi alamu anga akhala apowa. Mulungu anawadalitsa ndi mwana wamkazi mu 1976, amene lero ndi mphunzitsi, ndi mwana wamwamuna mu 1980, amene amakonza mafiriji.

Bekale ija itatsekedwa mu 1993, malemu analowa pa fakitale yosoka zovala ya anthu a ku Koreya, kumene ankayang'anira chipinda chosungiramo nsalu. Kumeneko phokoso linali la makina okha. Munthu wa zaka zoposa makumi anayi anayambanso kuphunzira chilankhulo ngati mwana, mpaka abwana atsopano akabwera ankadalira iwo kuti amvane ndi osoka. Anapuma pa ntchito mu 2011.

Amene munachezapo nawo mukudziwa kuti nkhani kaya iyambire pa mvula kaya pa mpira, inkathera pa Chigiriki ndi Chikoreya. Ankati Mgiriki amayamba kulankhula asanakhale pansi, ndipo mutamumanga manja angakhale bubu. Mkoreya, iwo ankatero, amayamba wafunsa zaka zako kuti adziwe ulemu woti akupatse, ndipo mawu enieni amawasungira kumapeto, moti ukamudula pakamwa sudziwa ngati wakukweza pa ntchito kapena wakuchotsa. Zilembo za Chigiriki ankati zimayenda pamzere ngati mabanzi pa thireyi, pamene za Chikoreya zimasanjikizana ngati njerwa. Chimene chinkawaseketsa koposa n'chakuti povomera onse awiri amatchula liwu limodzimodzi loti "ne". Ankati Mulungu anachita dala, kuti wantchito asavutike posintha abwana.

Zikanathera pamenepo, bwenzi lero ndikuwerenga mbiriyi mutu uli m'mwamba. Koma malemu sankafanizira zinthu n'kuzisiya. Pamapeto chimodzi chinkayenera kupambana, ndipo mpikisano umenewu anaulowetsa m'nyumba. Mwana wamkazi, poti ngolankhula, anamutcha Mgiriki. Wamwamuna, poti ngofatsa, anadzamutcha Mkoreya. Mayinawo anakakamira, enanu mpaka lero simudziwa enieni.

Mu 1999 mwana wamkazi atamaliza maphunziro auphunzitsi, panali phwando pakhomo pano. Malemu anaimirira n'kunena kuti Chigiriki ndicho chilankhulo cha anthu ophunzira, pamene chinacho umadikira kumapeto kwa mawu mpaka dzuwa kulowa, ngati mmene iwo akudikirira mwana wawo wamwamuna. Anthu anaseka. Mnyamatayo anali atanyamula kireti ya zakumwa. Anaiika pansi bwinobwino n'kutuluka.

Mu 2009, pa ukwati wa mwana wamwamunayo, zinthu zinatembenuka. Malemu atapatsidwa maikolofoni anati atakula azindikira kuti Chikoreya ndicho cha ulemu, Chigiriki ndi phokoso la pamsika, ndipo amene akukayika apite akagone usiku umodzi kwa mwana wawo wamkazi. Holo yonse inafa nazo. Mwana wamkaziyo anatenga chikwama chake, mphatso ili m'manja, n'kumapita. Kuyambira tsiku limenelo ana awiriwa sanakhalepo pa tebulo limodzi. Aliyense ankaona mnzake ngati wokondedwa wa bambo. Akafuna kuona makolo ankayamba aimbira foni amayi awo, kufunsa ngati winayo alipo.

Malemu anayamba kudwala BP mu 2019. Mu Novembala chaka chatha anachita sitiroko, mbali ya kumanja n'kufooka, ndipo anagonekedwa m'chipatala. Anawo anawasamalira, zimenezo ndisawanamizire, koma mosinthana: wina m'mawa, wina madzulo, osakumana ngakhale pakhonde la wodi. Anamwino ankayesa ndi ana a nyumba ziwiri.

Kutatsala sabata kuti atisiye, malemu anandituma mawu, alamu anga ali pomwepo. Lilime linali litalemera, koma tinamva. Anati m'zilankhulo zonse ziwiri mawu amene anayamba kuwadziwa, asanadziwe ngakhale moni, anali opepesa, chifukwa wantchito amawafuna tsiku lililonse. Buledi akapserera ankapepesa m'Chigiriki atagwira pamtima. Nsalu ikanyowa ankapepesa m'Chikoreya atawerama mpaka msana kuwawa. Zaka makumi anayi akupepesa alendo pa zinthu za ufa ndi ulusi, koma ana awo obereka okha sanawapepesepo m'chilankhulo chilichonse. Ndinawauza kuti anawo ndi awa akubwera tsiku ndi tsiku, angowauza okha. Anayesa, alamu anga ndi mboni. Mwana akalowa, iwo ankangotembenukira kukhoma misozi ili mbwembwembwe. Ndiye anati popeza anawanyoza pagulu, kupepesanso kukhale pagulu. Anamwalira pa 14 Januwale.

Tsopano za mabokosi. Uthenga utamveka, mwana wamkazi anakagula bokosi, wamwamuna naye anakagula lake. Magalimoto awiri anafika pageti nthawi imodzi, ndipo panalibe wofuna kubwerera m'mbuyo. Dzulo lonse, inu mutakhala padzuwa, ife tinali m'chipinda kukangana kuti malemu agone m'bokosi la yani. Ine imvi zonsezi ndinalephera kuweruza. Anatiwombola ndi alamu anga. Anati amuna awo asankha pakati pa ana awiriwa kokwanira, sasankhanso ali chigonere. Anatuma kwa akalipentala apa pakona, ndipo bokosi mukulionali, losapaka utoto, ndi limenelo. Mutikhululukire, anamalira. Takuchititsani manyazi pamodzi nafe.

Ana inu, ndapereka mbiri, tsopano ndipereke zimene ndinatumidwa. Bambo anu akuti pepani. Akuti m'bale wanuyo sanakulakwireni, pakamwa panali pawo. Akuti Chigiriki ndi Chikoreya zonse zinawadyetsa, palibe chinapambana, ndipo mayina aja alowe nawo m'manda.

Malemu asiya mayi wa kunyumba, ana awiri, zidzukulu zisanu zimene zina zaonana koyamba pamaliro pano, komanso alongo awo awiri ndi ine. Tikuthokoza madokotala ndi anamwino, a mpingo, amayi amene aphika masiku awiri m'malo mwa limodzi osadandaula, anzawo a malemu a ku bekale ndi ku fakitale amene abwera ndi ndodo zawo, ndi akalipentala amene anasiya ntchito zawo zonse chifukwa cha ife.

Chomaliza ndi ichi. Pa nthawi yoyala nkhata, ya ana ndi imodzi, ndi iyo ili pampandoyo. Alamu anga anakana kuti pakhale yachiwiri. Poitana sitinena Mgiriki, sitinena Mkoreya, tingoti ana a malemu. Ikapanda kunyamulidwa ndi anthu awiri, itsala pampando pomwepo.

Achimwene, mawu anu ndafikitsa. Mzimu wanu uuse mumtendere.