Mpweya m'mabuleki, diresi la ukwati pampando wakumbuyo

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wa mtendere. Ndine mphunzitsi wamkulu pasukulu ina kufupi ndi boma la Machinga, ndipo sindikonda kulankhula za moyo wanga pagulu. Koma zimene zinachitika Loweruka lina, pamene mabuleki a galimoto yanga anakana kugwira, sindingazibise.

Tsikulo unali ukwati wa Chisomo, mwana wa malemu mng'ono wanga, amene ndinamulera ndekha. Mwambo unayenera kuyamba 10 koloko kutchalitchi ku Utale, ndipo abusa anali atachenjeza kuti sadikira, chifukwa anali ndi ukwati wina kutali. Diresi la mkwatibwi linali ndi ine, poti telala analimaliza mochedwa.

Masiku awiri m'mbuyomo ndinaona kuti mafuta a mabuleki atsala pang'ono kuuma m'kabotolo kake. Ndinagula ena, ndinathiramo, ndipo ndinadziyamikira kuti ndine mayi wosamala. Sindinkadziwa kuti mafutawa akatsika chotero mpweya umalowa m'mapaipi, ndipo kuthiramo ena sikuuchotsa.

Pamtsetse wolowera ku Liwonde ndinaponda buleki, phazi n'kungomira mpaka pansi. Ndinatsitsa magiya, ndinakoka handibuleki pang'onopang'ono, ndipo galimoto inaima m'mbali mwa msewu. Makaniko wanga sankayankha foni. Ndinatembenuka, ndinayang'ana diresi lija, ndipo ndinati, "Ambuye, mwanayu alibe mayi wina."

Chapafupi panali mayi wina wachisilamu, amene ankadikira minibasi ndi dengu la nsomba zouma za ku Chiuta. Anabwera, nandipatsa moni, n'kundiuza kuti dzina lawo ndi Abiti Saidi. Atamva vuto langa anati anagwira ntchito zaka zambiri m'galaja ya amuna awo ku Liwonde. Ndikuvomereza kuti ndinawakayikira. Komabe ndinawatsegulira bokosi la zida la malemu amuna anga, limene ndinali ndisanalikhudze chimwalirire iwo.

Anayala chitenje pansi, anagona chagada pafupi ndi tayala lakumbuyo, ndipo anapeza nati yakhwepa pamene mafuta ankadonthera. Ataimanga anandifotokozera kuti kutulutsa mpweya ndi ntchito ya anthu awiri. Ine ndiziponda buleki kangapo kenako n'kugwira osachotsa phazi, iwo azimasula kanati ka kuseri kwa tayala kuti mpweya utuluke, ndipo ndizisiya pokhapokha akanena. Tinayamba ndi tayala lakutali kwambiri ndi woyendetsa.

Tili pa tayala lachiwiri foni inalira. Anali Chisomo. Ndinachotsa phazi kuti ndiyankhe bwino, iwo asanamange kanati kaja, ndipo mpweya unabwereranso.

Abiti anatulutsa mutu kunsi kwa galimoto. "Amayi, kodi ndinanena kuti siyani?"

"Iyayi, simunanene."

"Ndiye ana a kusukulu kwanuko akachita chonchi mumawatani? Zimitsani foniyo, tiyambirenso."

Panali patapita zaka zambiri munthu asanandilankhule motero. Ndinazimitsa foni, ndipo ndinamvera mawu atatu okha: pondani, gwirani, siyani. Tayala lililonse tikamaliza, tinkawonjezera mafuta otsala m'botolo langa kuti kabotolo kasaumenso. Thovu la mpweya litasiya kutuluka pa tayala lachinayi, buleki inalimba pansi pa phazi langa, ndipo tonse tinaseka. Anandiuza kuti ndiyendetse pang'ono kuti tiyese mabuleki, ndipo ndinawatula ku Liwonde ndi dengu lawo.

Ndinafika ku Utale abusa akuyang'ana wotchi. Chisomo anavala mofulumira, nalowa m'tchalitchi mokongola. Diresi linali ndi kafungo ka nsomba, koma mkwati sanadandaule.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandiimitsa pamtsetse uja ndili wamoyo, nandikonzera thandizo m'manja amene ndinawapeputsa. Inu amene mwaima m'mbali mwa msewu ndi vuto lanu, musataye mtima. Pempherani, ndipo wothandiza akafika n'kukuuzani kuti gwirani, musachotse phazi. Ambuye akusungeni nonse. Amen.